Tsiku Limene Mpiru Unadziteteza kwa Apongozi

Anzanga, sukulu ndi yabwino, koma ine inandivula ulemu pamaso pa apongozi anga. Ku koleji tinaphunzira kuti zomera zikamavutika ndi dzuwa kapena ludzu zimapanga mankhwala odzitetezera, ena amawatcha mafulavonoidi, ndipo ena mwa mankhwalawo amathandizanso thupi la munthu. Ndiye titangokwatirana, tikukhala ku Chileka komwe amuna anga ankagwira ntchito pabwalo la ndege, ndinaganiza zouzunza pang'ono mpiru wanga wa kuseri kwa nyumba. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ine kuthirira kamodzi pa sabata, dala.

Kenako uthenga unafika woti apongozi akubwera kuchokera ku Lirangwe kudzaona pakhomo pathu koyamba. Anali atauzapo kale achibale kuti mkazi wa mabuku sadziwa mphika, choncho tsikulo ndiye linali mayeso anga enieni. Ndinathyola mpiru uja, timasamba tolimba ngati chikopa, n'kuphika. Nditalawa, misozi inalengeza m'maso. Ndinathira soda, ndiwo n'kusanduka phala koma kuwawa kuli pomwepo. Ndinaonjeza nsinjiro, ayi ndithu, ndinangoononga mtedza. Ndinathamangira kumsika kuti ndikagule masamba ena, pachipata anyamata a chipani akufuna khadi la umembala, langa lili m'thumba la diresi lina kunyumba. Masiku a chipani chimodzi amenewo mukanakangana nawo inu? Ndinabwerera chimanjamanja, n'kupeza apongozi atakhala kale pamkeka.

Ndinagwada, n'kuwasambitsa m'manja, n'kupereka chakudya. M'malo motseka pakamwa, ndinayamba kuphunzitsa, kuwafotokozera kuti masambawo ndinawamana madzi mwadala kuti akhale ndi mphamvu. Iwo anatafuna nthawi yaitali, maso ali kudenga, anameza movutikira, kenako n'kufunsa mwaulemu wonse:

"Nanga mayi, mwana wangayu mumamupatsa madzi akumwa, kapena nayenso mukufuna akhale ndi mphamvu?"

Amuna anga anali pakhonde, ndinangomva akutsokomola mpaka kuseri kwa nyumba.

Kunena chilungamo, buku la ku koleji lija silinaname. Mpiru uja unadziteteza ndithu, ngakhale mbozi sizinaulawe. Chimene bukulo silinandiuze n'chakuti mpiru susiyanitsa mbozi ndi apongozi. Nawonso mayi aja sanalakwe, akhala akulima dimba moyo wawo wonse osazunzapo ndiwo ngakhale tsiku limodzi.

Mpaka lero ndimathirira m'mawa ndi madzulo, ndipo mlendo akamadya, za ku koleji ndimazisiya m'mutu momwemo.