Kusiyana kwa Matope ndi Mathipa

Ndipemphe kuti aliyense amene anaona bambo wachikulire akudutsa ku Katoto, kuno kumpoto, ndi nsapato imodzi Lachiwiri lapitali, asunge nkhaniyo mumtima. Bamboyo ndinali ine.

Ndinaphunzitsa Chichewa zaka zambiri, ndipo chipumireni pantchito ndimayenda ndi kabuku kolembamo mawu osowa. Kabukuka kalibe kanzake. Katatayika, ntchito yonse yatayika. M'mawa umenewo ndinatsikira kudambo, kumunsi kwa madimba, kukaona atombolombo (inde, atombolombo, wonena kuti "matombolombo" sanadutse m'kalasi mwanga).

Nkhungu inali itangoyamba kunyamuka. Atombolombo ofiira ankaima m'malere ngati apachikidwa pa ulusi wosaoneka, kenaka n'kuzimirira, n'kuonekeranso patsogolo, mapiko akunyezimira pamwamba pa madzi. Ndinaiwala msinkhu wanga. Mtima unabwerera ku Ntcheu, kumene tili ana tinkawathamangitsa tsiku lonse osagwira ndi mmodzi yemwe.

Kenaka ndinaona kena kosiyana ndi anzake: kowonda ngati singano, kamtundu wa thambo, ndipo potera pabango kanapinda mapiko kumsana m'malo mowatambasula. Kodi aka dzina lake n'chiyani? Ndinatsegula kabuku n'kuyamba kukalondola, maso ali m'mwamba.

"Adada," anaitana mayi wina amene ankathirira mpiru m'dimba lake, "kumeneko musapiteko, kuli mathipa chomene."

Munthu wanzeru akanaima. Ine ndinatembenuza mutu wokha, miyendo ikupitiriza ulendo.

"Zikomo mayi, koma pa Chichewa timati matope. Ndiponso 'chomene' ndi Chitumbuka. Mawu oyenera ndi 'kwambiri'."

Pa mawu akuti "kwambiri" mwendo wamanja unalowa mpaka m'bondo. Poyesa kuuzula, wamanzere unatsatira. Posakhalitsa ndinali nditamira mpaka m'chiuno, kabuku nditakakweza m'mwamba ngati mbendera.

Mayi uja anabwera mosafulumira, khasu lili paphewa, n'kundiyang'ana kwa kanthawi.

"Muyenera kuti ndinu asambizgi inu," anatero (ndiko kuti aphunzitsi). "Ndiye mwati mwalowa mu chiyani?"

"Matope," ndinayankha motsitsa mawu.

"Yayi. Matope amalekeza mu akakolo. Awa ndi mathipa. Ponyani bukulo kuno, mugwire mpini ndi manja awiri."

"Nanga mukaliphonya?"

"Ndikaliphonya mutuluka opanda buku. Mukalikakamira mukhala nalo momwemo."

Nthawi yomweyo kachilombo kaja kanadzatera pakona ya kabuku, n'kupinda mapiko mwaulemu. Ndinaona timitsempha ta m'mapiko, ndi maso ake awiri otalikirana. Ndivomereze kuti kwa kamphindi ndinaiwala kuti ndikumira.

"Mayi, kameneka mumakatcha chiyani?" ndinanong'ona.

"Ndi tombolombo yemweyo, kungoti sanadye. Ponyani, adada."

Kanauluka. Ndinatsinzina n'kuponya, ndipo mayiyo anawakha kabuku ndi chitenje, kosanyowa ngakhale tsamba limodzi. Kenaka anandikoka ndi mpini ngati akuzula chinangwa. Nsapato yamanzere inasankha kutsala.

Nditaima poumapo, ndikudontha, ndinadzichepetsa n'kunena kuti, "Yewo chomene, amama."

"Pa Chichewa timati zikomo kwambiri," anayankha akundipatsa kabuku, n'kubwerera ku mpiru wake.

Dzina la kachilombo kaja sindinalipezebe. Koma patsamba lomwe ndinakasungira ndalembapo kuti: "Mathipa: matope opitirira mu akakolo." Kukonza Chichewa cha anthu sindinasiye ayi, kungoti masiku ano ndimayamba ndayang'ana pomwe ndaponda.