Nkhono za Tadala m'beseni limodzi

Anthu amandidziwa ngati munthu wosamala zinthu. Mbiri imeneyi inathera m'garaja yathu ku Middlesbrough, ndipo zinaithetsa ndi nkhono.

Mwana wathu Tadala ankaphunzira za zamoyo za m'nyanja ku yunivesite ku Newcastle. M'chaka chomaliza anasankha kufufuza tinkhono ta m'nyanja yamchere, kuti adziwe ngati ta m'magombe osiyanasiyana tili mtundu umodzi kapena ayi. Ta gombe lililonse anatiika m'kontena yakeyake, m'madzi a m'nyanja, n'kundandalika m'garaja poti mumazizira. Pobwerera kusukulu anandiuza kuti ndisakhudze kanthu (m'Chingerezi, monga mwa masiku onse, Chichewa amamva, koma kuyankha ayi).

Vuto linali makontenawo. Anali a mayi ake, a majalini ndi a ayisikilimu, amene takhala tikusunga chibwerereni kuno. Lamlungu limenelo kutchalitchi kunali kudyera pamodzi.

"Bambo a Tadala, kapezeni makontena anga. Mpunga sindinyamula m'manja."

Ndinalowa m'garaja n'kuyang'anitsitsa. Kwathu ku Ntcheu nkhono ndi nkhono basi, palibe amaifunsa kumene yachokera. Ndinatenga beseni lochapira n'kukhuthuliramo zonse, ndi madzi omwe, osataya ngakhale imodzi. Pakona panali kontena ya nkhono zina zozungulira, zimene Tadala ankasungira mnzake wa m'kalasi. Nazonso ndinaziika momwemo kuti zisasungulumwe. (Ndinadziyamikira mumtima chifukwa cha chifundo chimenechi.)

Tadala atabwera kumapeto kwa sabata, zozungulira zija zambiri zinali zigoba zokhazokha, chilichonse chili ndi kabowo. Tinkhono take tija timadya tinzake: timaboola chigoba n'kudya zam'kati. Ndinali nditatsekera afisi ndi mbuzi m'khola limodzi. Afisiwo anali okhuta bwino, koma panalibenso njira yodziwira kuti uyu ndi wa gombe liti.

Mwana anayang'anitsitsa m'beseni. Kenako anatembenuka.

"Adadi, mwandipha. Mnzanga ndikamuuza chiyani? Aphunzitsi ndikawauze kuti kwathu ankafuna moika mpunga?"

Chichewa chokhachokha, chomveka ngati cha mwana wokulira pa Ntcheu. Mayi ake, amene akhala akupempherera zimenezi kwa zaka, anatuluka kukhitchini akumwetulira. Ataona nkhope ya mwanayo anabwerera mwakachetechete, ngati makontena sanawafunepo.

Nyengo yozizira yonse ija, masiku opuma ndinkathera kugombe, chiweramire m'miyala, ndikutola nkhono za anthu awiri, mphepo ikulowa m'mafupa. Makontena atsopano ndinagula ndekha. Tadala anamaliza bwino, ndipo makontena omwewo ndi amene timanyamulira mpunga masiku ano.

Chichewa sanachibwerezenso. Mayi ake akupitiriza kupemphera. Ine ndangokhala chete, koma ndikudziwa kumene chimatulukira.