Mipira yokhota ya a Nakhumwa

Pali manyazi ena amene munthu umadzawaseka pakapita chaka. Awa ine sindinayambe kuwaseka, koma inu sekani, pakuti pa Chitakale anaseka kale mpaka kugwira nthiti.

Ine ndine kalipentala. Nthawi imeneyo ndinali nditatsala pang'ono kulembedwa ntchito ku wekishopu ya esiteti ina ya tiyi, ntchito ya nyumba yaulere ndi madzi a pampopi. Ndinkayenera kukayamba Lolemba la sabata yotsatira. Mkazi wanga anali atatsanzika kale aneba.

Manijala wa esitetiyo anandiitana n'kundipatsa chikwama chachikopa, cholemera ngati muli miyala.

"Amisiri, iyi ndi mipira ya bambo anga, a Nakhumwa. Loweruka akusewera bowls ku kilabu. Mungoipaka polishi basi."

Munali mipira inayi yakuda bii, ya mtengo wolimba umene sindinauonepo. Manijala anati bambo awo anapatsidwa ndi mzungu amene ankagwira naye ntchito, nayenso anasiyiridwa ndi agogo ake. Ya masiku ano ndi ya pulasitiki, yamtengo sipezekanso.

Nditafika kwathu ndinagubuduza umodzi pasimenti. Unayenda bwinobwino, kenako khotu! Wachiwiri chimodzimodzi. Nditayeza, mbali ina inali yotupa kuposa inzake.

Ndinapsa mtima. Azungu awa! Kumupatsa munthu wamkulu katundu wolakwika, iye n'kumathokoza zaka zonsezi!

"Anati polishi yekha," anandikumbutsa mkazi wanga.

"Mayi, inu dziwani za m'khitchini. Apa ndi pamene bwana aone kuti akulemba mmisiri."

Ndinatenga tupa ndi sandipepa. Mtengowo unali wouma mutu, manja anatuluka matuza, koma ndinaugonjetsa. Pofika Lachisanu mipira yonse inkayenda chowongoka ngati msilikali.

Loweruka ndinavala jekete la ukwati, ulendo ku kilabu kukalandira ulemu wanga.

A Nakhumwa anatuluka atavala zoyera zokhazokha, anthu akuwaombera m'manja. Kutsogolo pakapinga panali kampira koyera, ndipo aliyense ankafuna mpira wake uime pafupi nako. Achikulire aja anagwada bondo limodzi n'kugubuduza mpira, koma osalunjika kakoyerako. Analozetsa kumbali kwenikweni!

Mpira wanga unamvera. Unapita kumene anaulozetsa, osacheuka, mpaka m'ngalande, phu!

A Nakhumwa anaponya wina, ali ndi thukuta. Uwu unalumpha ngalande n'kukagunda mwendo wa tebulo la tiyi, makapu phwaa, mkaka wonse pachitenje cha akazi a manijala.

Achikulire anatola wachitatu, kuuzunguza m'manja, kuupapasa. Kenako anatembenukira kwa anthu.

"Ndani wagwira mipira yanga?"

Ine mbuzi, ndinakweza dzanja ndikumwetulira.

"Ndine, bwana! Inali yokhota yonse, ndaiwongola. Free of charge!"

"Mwaiwongola?"

"Yes bwana! Mzungu uja anakupusitsani."

"Amisiri, kukhotako ndiye masewerawo! Anaisema dala kuti izizungulira mipira ya anzako. Yapirira nkhondo, chiswe ndi ana, koma inu yakupirirani masiku angati?"

Anakhala pansi pakapinga pomwepo, mpira uli pamiyendo. Kunena zoona, bola akanandimenya.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti palibe anandiuza. Munthu unabadwira ku Chonde, mpira umene umaudziwa ndi wachikulunga, ukalota bwanji kuti kuli anthu amene amasungira chilema m'chikwama chachikopa?

Ndinawatsatirabe manijala mpaka pagalimoto, chipewa chili m'manja.

"Bwana, nanga za Lolemba lija, ndibwere nthawi yanji?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana phiri limene linali kutsogolo kwathu.

"Musavutike, amisiri. Phiri ili lili ndi mabampu ambiri, tikuopa mungatisalazire."

Chokhota cha mwini, yamba wafunsa chimene chinakhotera.