Madzi Akukana Kutuluka M'bafa la Anaphiri

Lolemba

Simenti yauma, bafa lakhazikika. Loyera mbee, lalitali, munthu kugonamo osapinda miyendo. M'Lifuwu muno sindikudziwa nyumba ina imene ili nalo. Anachita kulipempha ndi Tamandani, mwana wanga amene amakonza zipinda pa loji ina ku Senga Bay, pamene mabwana ake amachotsa mabafa akale kuti aike mashawa.

Mwini wake ndi Anaphiri, mayi a Tamandaniyo. Anaterereka pamwala wosambirapo kuseri kwa nyumba, fupa la m'chiuno n'kuthyoka, ndipo uno ndi mwezi wachitatu akuchirira kwa mwana wawo. Akubwera Lamulungu. Kuchipatala ndinawalonjeza, anamwino akumva, kuti pamwala paja sadzasambiraponso.

Ndiye lero ndikuliyesa. Ndowa zinayi za pamjigo, khuthu! Ndikuzula chotsekera. Madzi akutuluka, paipi ikulira bwino, nthochi zakuseri zikumwa. Kenako zii. Pansi patsala madzi okwana zala ziwiri kuya kwake, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, angoti phee.

Mwina bafa silinazolowere nyumba. Ndilipatse tsiku limodzi.

Lachiwiri

Madzi adzulo alipobe. Muli nyerere, ndi nalimata mmodzi amene sindikudziwa ngati akusamba kapena wafa.

Ndilembe zoona, poti bukuli saliwerenga wina. Sabata yatha a Jafali, pulambala wa ku Senga Bay, anali atalikhazika kale bafali, levulo yawo yoyezera kupendekeka ataiika pamlomo pake, akuti zatheka. Ine ndinathira kapu ya madzi mkati, madzi onse n'kuthamangira mbali imodzi. Mtima unandiwawa. Zaka makumi atatu ndikusalaza mapuloti a mpunga ku sikimu ya ulimi wothirira. Anthu amachokera ku Chinguluwe kudzaona m'mene madzi amaimira m'munda mwanga, mofanana ngodya zonse zinayi. Ndiye m'nyumba mwangamwanga mukhale chinthu chopendekeka?

Ndinawauza kuti akweze mbali ya kubowo. Anakana. Ndinawafunsa kuti mwini nyumba ndani. Anakanabe, akuti kupendekekako anachita kupanga dala ku fakitale. Ndinawafunsa ngati a ku fakitalewo analimapo mpunga, anthu amene amasuzumira pawindo n'kuseka. Ndinasangalala kuti aseka. A Jafali anangoti, "Chabwino bambo, nyumba ndi yanu," n'kulowetsa njerwa ziwiri kunsi, n'kumata simenti.

Ndiye lasalaladi. Ntchito yanga ndimaidziwa. Madzi akuima mofanana ngodya zonse zinayi!

Lachitatu

Zimene ndayesa:
- kukankhira madzi kubowo ndi tsache (akubwerera ndisanatembenuke)
- chikolopa, kufinya mpaka msana kuyamba kudandaula
- kukapa ndi mbale ngati ndili m'bwato lobooka
- kusiya chitseko chotsegula kuti mphepo iumitse

Chomalizachi chaitana bakha wa a Chikuse, aneba anga. Ndam'peza mkati, akusambira mwaulemu. Eni ake pobwera kudzam'tenga aima pakhomo nthawi yaitali, manja kumbuyo, kenako akuti malowa ndi abwino kufesapo nazale ya mpunga, mbalame sizingafike. Sindinaseke.

Masana ndapondamo ndi phazi limodzi kuti ndione. Madzi adzana achita ndere. Phazi langopita lokha, ndapulumukira kugwira khoma. Ine wa miyendo iwiri yabwinobwino. Nanga Anaphiri? Ndakhala pamlomo pa bafa, ndikuganiza za tsiku lija ndinawapeza atagona pansi kuseri, chitenje chili poteropo, akundiitana ndi mawu aang'ono.

Tamandani waimba foni. Akuti amayi ayamba kuyenda ndi ndodo mpaka pageti, ndipo akuwerenga masiku. Wafunsa za bafa. Ndamuyankha kuti lili bwino kwambiri, ndi netiweki yokha imene ikuvuta.

Lachinayi

Foni ya a Jafali yaitana katatu, osayankhidwa. Ndakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka ku Senga Bay, chipewa nditachitsitsa kuti Tamandani asandione. Njira yonse ndikuloweza mawu amodzi okha: pepani. Si mawu aatali.

Ndawapeza pamsika akusankha mapaipi. Amvetsera nkhani yonse osandidula. Pomaliza akuti, "Wallahi bambo, ndinakuuzani katatu. Munda umafuna madzi akhale, bafa limafuna madzi achoke." Akuti mankhwala ake ndi kuswa simenti mosamala n'kuchotsa njerwa zija, koma ali ndi ntchito kumalo osungira nyama zakutchire a Kuti mpaka Loweruka. Sabata yamawa, Inshallah.

Apa m'pamene pamafunika mawu anga aja. Ndatsegula pakamwa, ndipo chimene chatuluka n'chakuti mwina simenti yawo sinasakanizidwe bwino.

A Jafali andiyang'ana, ayang'ana paipi ili m'manja mwawo, kenako akuti akumbukira kuti sabata yamawanso ndi otanganidwa. Mwina mwezi ukatha.

Pobwerera wakabaza amafuna kucheza za mpira. Ine ndimadzitukwana chamumtima mpaka pakhomo. Munthu wamkulu, wa zidzukulu, kulephera kanthu koti ngakhale ana a sukulu ya mkaka amakatha.

Lachisanu

Ndadzuka ndi nzeru. Ngati potulukira madzi pakwera kuposa munda, mlimi amatani? Amakweza mundawo. Basi!

Zofunika:
- simenti yotsala m'thumba
- mchenga wosefa
- kathabwa kanga kosalazira
- a Chikuse asadziwe

Ndamata mkati mwa bafa, kumutu mokhuthala, kumapita kukupyapyala mpaka pabowo. Ulendo uno ndapendeketsa dala, ngakhale dzanja limakana. Pofika teni koloko ntchito yatha, yokongola, moti ndinalakalaka a Jafali akanaiona. Kuyera kuja kwapita, koma Anaphiri si munthu woyang'ana mtundu wa chinthu.

Ndikanangodikira. Munthu wanzeru akanapita ku sikimu, kukaona madzi m'ngalande, kucheza ndi anzake, n'kubwera mawa. Ine patangotha maola awiri mtima wayamba kundiyabwa. Ndowa imodzi yokha, yongoyesera.

Madzi athamangira kubowo, zoona. Atenga ndi simenti yomwe. Paipi yalira pang'ono ngati munthu wotsamwa, n'kusiya.

Loweruka

Paipi yauma gwa. Ndalowetsa waya, wapindika. Ndathira madzi otentha, angowonjezera nyanja. Simenti ya mkati sinagwire, ikusupuka zibenthuzibenthu, ndipo yotsalayo ikukanda ngati mwala wotsukira mapazi. Dzana vuto linali madzi a zala ziwiri. Lero chilichonse chimene ndathira chikukhala momwemo.

Latsala tsiku limodzi. Ndaganiza zongochita zimene ananena a Jafali: kuswa simenti ya kunsi, kuchotsa njerwa. Mawu akuti mosamala ndimawakumbukira ndithu, koma nyundo yanga ndi yokhomera zikhomo za khola.

Njerwa yoyamba yatuluka bwino, moti ndinayamba kuimba kanyimbo ka kutchalitchi. Yachiwiri yakanirira. Ndamenya kamodzi, kawiri, kachitatu nyundo yaphonya.

Mng'alu wake wayambira pambali mpaka pansi, utali ngati mkono wanga.

Tsopano madzi akutuluka. Onse, osatsala ndi dontho! Akudutsa pamng'alupo, akuyenda pansi, akulowa kunsi kwa chitseko, akukaima m'kanjira kopita kuchipinda chogona, momwe Anaphiri azidutsa ndi ndodo yawo.

A Chikuse amva kulira kwa nyundo, abwera. Sananene za nazale. Angovula nsapato, n'kutenga chikolopa chinacho. Zimenezi zandipweteka kuposa akanandiseka.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndakolopa, ndaumitsa, ndaphimba bafa ndi chitenje, kenako ndachichotsanso, poti limaoneka ngati maliro.

Afika masana pa galimoto ya mnzake wa Tamandani. Anaphiri aonda. Akuyenda pang'onopang'ono, ndodo patsogolo, mwendo wodwalawo ukuchita kukokedwa. Asanamwe n'komwe madzi akuti akaone chinthu chawo.

Tamandani wasuzumira, wayang'ana mng'alu, wayang'ana simenti, wandiyang'ana ine, n'kutuluka kukaima pansi pa mtengo wa mango. Ndayamba kufotokoza za njerwa, za a Jafali, za levulo. Anaphiri samamva zimenezo. Asendera pafupi, agogoda mlomo wa bafa ndi ndodo, kenako aimika ndodoyo pambali pake. Mlomowo ukuwapitirira bondo.

"Abambo a Tamandani, ngakhale likanakhala labwino, mwendo uwu ndikanaukweza bwanji kufika apa? Nanga nditagonamo, akanandidzutsa ndani?"

Sabata yonse ndakhala ndikulimbana ndi madzi. Ndayeza pansi, ndayeza kumutu, ndayeza kubowo. Kuwafunsa eni ake kuti akufuna kusamba motani, sizinandibwerere ngakhale kamodzi, kuyambira tsiku lija kuchipatala.

Apempha mpando wa pulasitiki, ndowa ya madzi ofunda, kapu, ndi ine. Tapita kuseri, pamwala pomwe paja, poti kulibe kwina. Ndayala thumba lakale pansi kuti mpando usaterereke. Iwo akhala, ine dzanja limodzi lawagwira pamkono, linalo likuthira madzi kumsana. Chipsera cha opaleshoni ndachiona lero koyamba, ndi chachitali kuposa m'mene ndimaganizira. Zaka zonsezi iwo akhala akunditengera madzi osamba tsiku ndi tsiku, ine sindinawathirepo ngakhale kapu imodzi.

Za lonjezo langa sanatchule. Ndikanakonda akanandikalipira.

Powapukuta akuti mawa madzi asatenthe kwambiri, ndipo ndisathire mothamanga.