Eriyo ya Mumchira wa Ndege ya a Gordon

Mboni zanga ndi zitatu, ndizitchuliretu musanayambe kunena kuti ndikuthira mchere: mkazi wanga Nabanda, a Tembo a ku Chipata omwe timagwira limodzi shifiti ya m'mawa, ndi a Gordon eni ndege, ngakhale iwowa masiku ano akamva dzina langa amatsokomola.

A Gordon ndi mzungu wachikulire wa ku Evington, dera la kuno ku Leicester, amene anatha zaka zisanu ndi zinayi akumanga ndege ya anthu awiri m'garaja. Si ya malata ayi, ndi ya faiba, nsalu yomatidwa ndi guluu mpaka kuuma gwa. A Tembo, omwe amawatchetchera kapinga Loweruka, ndiwo anandigulitsa: "Uyu ni injiniya wa mawailesi, ku Malawi anali kumanga milongoti." (Zoona zake, ndinkakweza maeriyo a TV pa nsungwi ku Ndirande. Koma nsungwi zina zinali zazitali ndithu.)

Poti manja awo anali atayamba kunjenjemera ndi ukalamba, a Gordon anakondwa kupeza wowathandiza. Anandiuza kuti faiba siitchinga mafunde a wailesi, choncho eriyo siikhala kunja. Imakhala tepi ya kopa yomatidwa mkati mwa mchira, kenako mchirawo umatsekedwa ndi guluu, osadzatsegulidwanso.

"Timizere tiwiri, kalikonse mainchesi 22," anatero. "Ukachita bwino, woyamba kukwera ndiwe."

Abale, ndinapenga. Ndinalengeza ku tchalitchi. Ndinagula magalasi akuda a oyendetsa ndege n'kumavala m'basi, mvula ikugwa. Nabanda ndinamuuza kuti tsikulo adzayanike chitenje chofiira, chifukwa nyumba za ku Spinney Hill, komwe timakhala, ndi zofanana, ndingadzabayibitse mkazi wa mwini.

Tsiku la ntchito, a Gordon atapita kukawiritsa tiyi, ndinamata timizere tija. Nditatiyang'ana ndinamva chisoni. Tinthu tating'ono chonchi, ndege yonseyi? Kwathu chithunzi cha TV chikamachita mpunga umawonjezera waya, ndipo sindinamvepo munthu akudandaula kuti eriyo yatalikitsa. Ndinawonjezera pang'ono. Kenaka pang'ono pena, kuti mbali zifanane. Malo atatha ndinakhotetsa, ndi kukhotetsanso, mpaka tepi yonse psiti. Ndinapaka phala loyera pamwamba monga anandiphunzitsira.

"Waphimba bwino kwambiri," anatero a Gordon, n'kundipatsa bisiketi. Tinatseka mchira.

Loweruka loyesa wailesi tinakokera ndege ku kabwalo ka udzu kunja kwa tauni. A Gordon anakhala pampando, nadina batani kuyitana munthu wa mu kanyumba kolondolera ndege. Zii. Anaitananso. Kenaka, ndikulumbira, m'wailesi munatuluka ng'oma. Nyimbo ya Chimwenye, ya ukwati, yomveka ngati oimbawo akhala pamapiko. Anapotoza kachitsulo, munalowa mayi wotsatsa mpunga wa m'matumba.

"Iyi ni ndege olo ni minibasi?" anafunsa a Tembo, mapewa akuvina kale.

Wa mu kanyumba uja anabwera wapansi kudzanena kuti akuwamva a Gordon ndithu, koma kudzera pawindo.

Ine ndinachita zimene injiniya aliyense angachite. Ndinamenya wailesi ndi chikhatho. Zitakanika ndinanyambita chala n'kukagwira mchira. Nyimbo inakwera.

A Gordon anatsika, naunika mchira ndi tochi yamphamvu. Mthunzi wa kopa unaonekera, wokhotakhota ngati matumbo a mbuzi.

"Unayika mainchesi angati?"

"Ndinali kuthandiza, bwana."

"Angati?"

"Tepi yonse."

Sanakalipe. (Azungu a kuno akakwiya amangonena kuti "chabwino", ndipo chabwino wake amawawa kuposa khofi.) Anapita ku galimoto n'kubwera ndi sowo, nandipatsa m'manja.

"Bambo a Chisomo, vulani magalasiwo," anatero Nabanda, yemwe anabwera kudzaonerera. "Mukucheka pambali."

Zinatitengera Maloweruka asanu kucheka, kumatula, kuyeza ndi rula a Gordon ataima kumbuyo kwanga, ndi kumatanso. Ndinaphunzira kuti eriyo ya ndege ili ngati nsapato: yaikulu si ndiye yabwino. Komabe mpaka lero sindinapeze wailesi ina ku Leicester yogwira siteshoni ija bwino chonchija.

Tsiku louluka ndinafika ndi magalasi anga, ndinapeza pampando panga pali thumba la mchenga, atalimanga lamba bwinobwino.

"Likulemera ngati iwe," anatero a Gordon, akutseka chitseko. "Ndipo silithandiza."