Mphaka wa anaNgozo pa Denga Langa

Lolemba

Mphaka wa anaNgozo walira pa denga langa kuyambira m'bandakucha. Si lero lokha. Malata amakuza mawu, ndiye zikumveka ngati khanda limene wina akulitsina.

AnaNgozo ndi amayi amasiye a nyumba yoyandikana nafe. Amagulitsa matimati m'mbali mwa msewu pa Nsipe. Sitinayambanepo, mchere timabwerekana. Mphakayo dzina lake ndi Sindinena. Bodza likuyambira pa dzina.

Sindikukwiya. Mphunzitsi wa sayansi sakwiyira nyama. Mabuku akunena momveka: mphaka wamkazi ikafika nyengo yake amalira kuitana amphongo. Nkhani yonse ndi yomweyo.

Dongosolo:
— kuwauza eni ake mwaulemu;
— kuika zinthu zimene amphaka amadana ndi fungo lake;
— zikakanika, adokotala a ziweto ku Boma.

Pofika Lachisanu ndidzakhala ndikugona ngati nduna.

Amake Tamanda, akazi anga: "Mukawauze pa awiri, kuseri kwa nyumba. Ndipo mukayambe ndi za mvula." Mvula m'nyengo yachisanu ino! Mayi ameneyu amakonda njira yozungulira.

Lachiwiri

Njira ya kusukulu imadutsa pamsika, ndiye bwanji ndiyende kawiri? Ndikuwapeza anaNgozo akuunjika matimati pa benchi. Pali amayi a kabichi, amayi a mbatatesi, anyamata a kabaza atatsamira njinga zawo.

Ndikulankhula mwaulemu, mosabisa mawu, ngati m'kalasi: "AnaNgozo, mphaka wanu uja akumabwera kwanga m'bandakucha. Akumalira pamwamba penipeni pamene ndimagona. Chiyambire, tulo palibe, mutu ukundiwawa, thupi likutha. Mumugwire."

Msika wonse zii. Mpeni wa amayi a kabichi waima m'mwamba. AnaNgozo akungoti, "Ndamva, aphunzitsi."

Mwaona? Mfundo zomveka sizifuna mkangano. Gawo loyamba latheka!

Madzulo amake Tamanda abwera kuchokera kuchigayo, atula ufa, akundiyang'ana nthawi yaitali. "Munanena kuti thupi likutha? Pamsika?" Ndikuvomera. Lamba ndi mboni, ndaboola bowo lina. Iwo alowa m'khitchini.

Lachitatu

Sindinena walira ngati dzulo. Gawo lachiwiri.

Zofunika:
— tsabola wosinja;
— makoko a mandimu;
— phulusa, kuti tsabola asauluke ndi mphepo.

Kunja kusanayere bwino ndikuzungulira nyumba ndi kambale, kuwaza m'mphepete mwa khoma, pakhomo, pansi pa mtengo wa pichesi pamene mphakayo amakwerera. Kuli chisanu, ndadzifunda bulangete mpaka kumutu. Kuti ndisadumphe ngodya ina, ndikutchula motsitsa mawu: kum'mawa, kumpoto, kumadzulo.

Wakabaza wina akudutsa ndi matumba a makala. Ndikumukwezera dzanja la phulusa. Sakuyankha. Akupalasa ngati waona njati.

Ndayetsemula mpaka belu la sukulu. Mphaka wakwerera mbali ya bafa.

Lachinayi

M'kalasi ndikuphunzitsa za kayendedwe ka magazi. Mtsikana wa kutsogolo akweza dzanja: "Sala, n'zoona kuti mwatsirika nyumba?"

Tsopano ndamva zimene mudzi wonse ukudziwa kupatula ine:
— Lachiwiri ndinanena pagulu kuti anaNgozo amanditumizira mphaka kudzanditsiriza;
— Lachitatu ndinatchinjiriza nyumba ndi mankhwala, nditafunda kumutu, ndikutchula mawu achilendo.

Ine! Ine amene ndinaimirira pa maliro chaka chatha kunena kuti malemuwo anafa ndi malungo, osati anthu! Choipa n'chakuti akukhulupirira chifukwa chomwecho. Akuti, "Ngati mpaka aphunzitsi aja avomereza, ndiye kuti zilipodi."

Mlonda wa pasukulu, monong'ona: "Bwana, musavutike ndi asing'anga aang'onoang'ono a kuno. Ndili ndi nambala ya wina kuseri kwa Tsangano, wa ku Mozambiki weniweni."

Ndinaseka. Ndasiya kuseka madzulo, pamene ndaona anaNgozo akubwerera ndi beseni lodzaza monga anapitira nalo. Palibe wagula. Amayi a kabichi asunthira benchi yawo kutsidya kwa msewu. Ana akudutsa pakhomo pawo mothamanga.

Dzina la ufiti likamatirira mayi wamasiye silichoka ndi sopo. Ndipo amene walimata ndi ine.

Amake Tamanda: "Pitani mukagwade." Ayi. Kugwada sikuchotsa gwero la vuto. Mphaka akasiya kulira, mphekesera idzasowa chakudya. Gawo lachitatu, mawa.

Lachisanu

Ndapempha chilolezo kwa ahedi. Mitu ya usipa m'thumba la feteleza, chingwe m'manja. Sindinena walowa yekha. Kutulukamo ndiye akufuna kutulukira kudzera mwa ine.

Zotsatira:
— mikono yonse iwiri yakandidwa;
— patsaya mizere itatu;
— malaya anga oyera, pepani.

Minibasi yoyamba yandikana. Kondakitala: "Madala, katundu wanuyo akulankhula." Ndakwera kabaza, thumba pamiyendo likulira njira yonse, kudutsa pamsika pomwe paja. Aliyense waona. Ndikuwagwedezera mutu kuti adziwe kuti zonse zili bwino.

Ku Boma, adokotala a ziweto apita kumudzi kukabaya ng'ombe. Wothandizira wawo akusuzumira m'thumba, kenako akundifunsa: "Mphakayu ndi wanu?" Ayi. "Eni ake akudziwa kuti muli naye kuno?"

Ndanyamulanso thumba lija. Mfundo ndi mfundo: ndaba mphaka.

Ndabwerera naye, ndamumasulira kuseri kwa mpanda. Amake Tamanda andipaka mankhwala a jivi pa zilonda, mizere yakuda pa mikono ndi patsaya. Popita kukagula makandulo, wagolosale akuyang'ana mikono yanga mwaulemu waukulu: "Akutemani mphini zambiri chonchi? Ndiye kuti inali nkhondo."

Dzuwa lisanalowe, nkhani yakwanira: ndinagwira mphaka wa mfiti, ndinapita naye kwa sing'anga, ndabwerako wokhwima.

Loweruka

Sindinena walira. Mawu ake akumveka okwiya, ndipo sindikumutsutsa.

Cham'mawa, "Odi!" AnaNgozo, alongo awo a ku Tsangano, ndi mkulu wa mpingo wathu. Ndatulutsa mipando. Ndatulutsanso buku la sayansi, tsamba nditalipinda kale. Amake Tamanda alichotsa patebulo ngati akuchotsa mbale yakuda.

Alongo awo ndi munthu wamtali, chipewa pabondo: "Ife kwathu mlandu wotere ndi mbuzi. Koma mbuzi sigula matimati."

Ndikufotokoza kuti sindikhulupirira ufiti, kuti phulusa linali phulusa, kuti ndikhoza kukaima pamsika n'kulongosola zonse kuyambira pachiyambi.

AnaNgozo: "Iyayi, aphunzitsi, chonde. Pamsika musakalankhulenso. Mwalankhula kale."

Mkulu wa mpingo akutsokomola. Ndikuganiza kuti akubisa kuseka.

AnaNgozo akupitiriza, osakweza mawu: "Inu mukuti ameneyu ndi mphaka chabe. Inenso ndikudziwa choncho, ndinamutola ali kamwana m'ngalande. Koma anthu samva za m'buku, amaona. Mumutenge. Azigona m'nyumba mwanu, azidya m'mbale mwanu. Anthu akaona kuti mukudzuka amoyo, adzabwerera ku benchi yanga."

Ndikufufuza polakwika m'mfundo imeneyi. Ndayang'ana mbali zonse. Palibe.

Ndikufunsa kuti mpaka liti. "Mpaka beseni lizibwerera lopanda kanthu."

Ndagwada. Bondo lamanzere lalira kuposa mphaka.

Lamulungu

Sindinena sakuliranso pa denga. Akulira pansi pa bedi. Malata aja, ndazindikira tsopano, ankatchingako.

Kutchalitchi ndavala malaya a mikono yaitali, koma tsaya ndilibe chovala chake. Mkulu uja walengeza kuti mabanja awiri amene anasemphana agwirizana, osatchula maina. Mpingo wonse watembenuka kundiyang'ana.

Masana onse ndili pakhonde, mphaka pamiyendo, kuti odutsa aone. Ndikumusisita. Iye akundiluma chala pang'onopang'ono. Ena akupereka moni ali patali. Agogo ena aima nthawi yaitali, kenako: "Koma ndiye mwamuweta! Mankhwala anu ndi amphamvu." Ndatsegula pakamwa kuti ndiwongole. Amake Tamanda atsokomola m'nyumba. Ndatseka.

Amayi a mbatatesi atumiza mwana kukagula matimati kwa anaNgozo. Mulu umodzi. Ndi chiyambi.

Zimene zatsala m'nyumba muno:
— tsabola, palibe;
— usipa, wa mphaka;
— tulo, tidzaona chaka chamawa.

Mawa ndi tsiku la msika waukulu. AnaNgozo atumiza uthenga kuti pakhonde sipadutsa anthu okwanira. Ndisanapite kusukulu ndikakhale pa benchi yawo, Sindinena pamiyendo, mpaka ogula ayambe kubwera. Andiuza kuti ndikhoza kumwetulira. Kulankhula ayi.