Bwemba wa ku South Bend

Munthu amene amaphunzira za mlingo wa mankhwala sayenera kugonja kwa bwemba. Ine ndinagonja, ndili ndi malume a chibwenzi changa m'galimoto.

Ku yunivesite ku Indianapolis timajambula mizere yosonyeza mmene thupi limasinthira mlingo ukamakwera. Aphunzitsi ankatichenjeza kuti mzere ukaoneka wowongoka poyamba tisamaukhulupirire, chifukwa pali malire pamene umakhota mwadzidzidzi. (Mayeso ake ndinakhoza bwino, ndipo zimandiwawa mpaka pano.)

Loweruka lina chibwenzi changacho, Chisomo, ananditengera ku South Bend kukandionetsa kwa malume ake, a Mbewe. Iwo akanati ayi, ukwati ukanathera pomwepo. Akazi awo anali ataviika bwemba wochokera kumudzi, wothira shuga, wozizira bwino. Kapu yoyamba, m'mimba zii. Yachiwiri, chimodzimodzi. Ndinajambula kamzere kanga m'mutu n'kuona kuti palibe choopsa. Komanso mkamwini wa mawa angakane bwanji? Ankati akathira, ine gwa, malume nawonso gwa.

Potsanzika, a Mbewe anapempha kuti ndiwatenge, popeza anali ndi msonkhano wa mpingo ku Lawrence, kufupi ndi Indianapolis. Chisomo anatsala.

Mzere uja unakhotera pakati pa minda ya chimanga, kopanda ndi nyumba yomwe. M'mimba munayamba kubangula. Ndinakweza wailesi. Thukuta linali kamukamu, koma kuuza apongozi kuti ndikufuna kuchimbudzi, pakamwa pankakana. Iwo anali duu, maso patsogolo, ndipo ndinadziwa kuti andiona kupepera. Ndinachita mantha zedi.

Kenako anayankhula motsitsa mawu: "Bambo, tasitopani pa gasi sitesheni iyo. Mwachangu ndithu."

Nditawayang'ana, nawonso thukuta linali kamukamu.

Pamalo omwetsera mafuta paja chimbudzi chinali chimodzi. Tinafika pakhomo limodzi, tikuyenda timasitepe tating'ono. Ndinagwira chitseko, mtima ukulira, n'kunena kuti, "Yambani ndinu, malume." (Zimene ndinapemphera panja paja nzapakati pa ine ndi Mulungu.) Ndinapulumuka pang'onong'ono, ndipo sindinayambe ndasangalalapo chonchija.

Njira yotsalayo sitinatchule kanthu. Mlungu womwewo a Mbewe anaimbira abale kumudzi kuti mnyamatayo ndi waulemu wosowa, asamuchedwetse.

Ndiye musandifunse chimene ndinaphunzirapo. Mpaka lero mkazi wanga amakhulupirira kuti malume ake anandikonda chifukwa cha sukulu.